Owotcherera a ku Luwinga amene anandichotsera dzimbiri pa boti la malemu amalume

Anthu angapo andiyimitsa pa gombe ku Nkhata Bay kundifunsa kuti boti lija munakalipangitsa kuti, nde ndati ndingolemba kamodzi zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti amene ali ndi boti lachitsulo kapena chilichonse chachitsulo chokhala mmadzi aone yekha ngati angapiteko. Dzina la shopu sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndidandaule mmusimu, koma ili kuno ku Mzuzu mbali ya Luwinga, ndi anthu owotcherera amene masiku onse amapanga mathanki a madzi ndi mageti, za maboti amagwira akapezeka wowaitana.

Ine ndimakhala ku Chibavi, ntchito yanga ndi ina, botili ndinasiyiridwa ndi amalume anga atamwalira. Ndi lachitsulo, injini yake ya dizilo ili mkati, limanyamula katundu ndi anthu kuchoka pa Nkhata Bay kupita Usisya mpaka Ruarwe. Amene munafikako mukudziwa kuti kumeneko boti ndiye galimoto, ufa, simenti, malata, feteleza zonse zimayenda pamadzi, pobwera limatenga usipa ndi chinangwa. Ana a amalume atatu fizi yawo imachokera mmenemo, nde kwa ine si nkhani yamasewera.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Mnyamata amene amayendetsa anandiimbira kuti achimwene madzi akulowa, tikumakapa kawiri pa ulendo umodzi pomwe kale timangokapa mmawa basi. Nditapita ndinagwada mkati cha kumbuyo pafupi ndi injini, ndinatukula thabwa la pansi, ndinapeza dzimbiri lokhuthala likuchoka magawomagawo ngati nkhoko za nsima mu poto, ndikakanda ndi chikhadabo likungosweka, pansi pake madzi akutuluka ngati thukuta. Ndinakhala pansi pomwepo osayankhula kaye, chifukwa sabata yomweyo botili linanyamula amayi ndi ana kudutsa pakuya.

Chomwe tinkachita chaka ndi chaka, kuyambira nthawi ya amalume, ndi kugula penti wa red oxide ku Mzuzu, kupala ndi burashi ya waya, kupaka, pamwamba penti wabuluu, basi. Chaka chimenecho ndinawonjezera nzeru ina yomwe ndinamva kwa munthu, ndinaitanitsa tizidutswa ta chitsulo cha zinki kuchokera ku Dar es Salaam kudzera mwa anzathu ogulitsa ku Taifa, timene amati mukamangirira pansi pa boti dzimbiri limaleka. Ndinalipira ndalama zambiri ndithu. Tinamanga ndi mabawuti, ndipo kuti zioneke bwino anyamata anazipaka penti limodzi ndi boti lonse. Palibe chinasintha.

Nde mnzanga wina wa ku tchalitchi amene amapanga za mipope anandiuza kuti pita ku Luwinga ukaonane ndi madala aja, anagwirapo ntchito ku madoko a ku South Africa, Durban ndi Richards Bay, zitsulo zokhala mmadzi amazidziwa. Ndinapita tsiku lachiwiri mmawa kukuwaza kamvula ka Mzuzu kaja. Shopu yake simungaiganizire, chigafa cha malata, zitsulo zili mbwee panja, anyamata anayi, wina akudula ndi gilayinda. Madalawo ndi munthu wamkulu wa imvi, wosayankhula zambiri poyamba. Ndinawaonetsa zithunzi pa foni, anayang'ana nthawi yaitali chithunzi cha zinki chija kenako anandifunsa kuti mwana wanga, izi anakuuza ndani kuti upake penti. Ndinati palibe adada, tinangofuna zifanane. Anati nde wavala nsapato n'kumangira pulasitiki kunsi, ndiponso ngakhale ukanapanda kupaka, zinki si wa nyanja yathu ino.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti ndafika kwa munthu wodziwa, chifukwa sanayambe ndi mtengo, anayamba ndi kundikhazika pa benchi n'kundifotokozera. Anati dzimbiri la mmadzi limayenda ngati batire. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana zili mmadzi, chimodzi chimadyeka kuti chinzake chitsale. Pa boti langa pulopela ndi ya buronzi, shafuti ndi ya stainless, thupi la boti ndi chitsulo wamba, nde pa zitatuzo chofooka ndi thupi la boti, ndi chifukwa chake kumbuyo ndi komwe kunadyeka kwambiri. Mankhwala ake ndi kubweretsa chitsulo china chofooka kuposa zonsezo kuti chizidyeka icho mmalo mwa boti, chimenecho ndiye anodi. Anodi ikamadyeka ndiye kuti ikugwira ntchito, ikakhala yosalala bwinobwino chaka chonse ndiye kuti boti lako ndi lomwe likudyeka. Koma anodi zilipo zamitundu itatu. Zinki ndi wa madzi amchere ngati a ku Dar es Salaam ndi Durban. Aluminiyamu amagwira mmadzi amchere ndi osakanikirana. Madzi opanda mchere ngati a nyanja ya Malawi salola magetsi kuyenda mosavuta, zinki amangochita kachikhungu koyera pamwamba n'kugona tulo, pamafunika magineziyamu amene mphamvu yake yokankha ndi yaikulu. Ine ndinagula cha kunyanja yamchere n'kuchiika mmadzi akumwa, pamwamba pake n'kuchitsekanso ndi penti.

Tinagwirizana kuti apite akaone okha asananene mtengo, ndinalipira thiransipoti ya iwo ndi mnyamata mmodzi, Mzuzu kutsika Nkhata Bay ndi pafupifupi makilomita 50 pa M5. Atafika anatulutsa kamita ka magetsi kaja ka mawaya awiri, waya umodzi anaugunditsa pa chitsulo cha boti pomwe anapala, wina unali ndi kachubu komwe anakaponya mmadzi pambali pa boti. Anandionetsa nambala, inali cha mma -0.6 volt. Anati chitsulo chotetezeka chimayenera kufika -0.8 kapena kupitirira kutsika, apa boti lako lili maliseche. Kenako anauza mnyamata woyendetsa kuti ayatse pampu yokapira madzi, nambala ija inayamba kuvinavina. Anatsata mawaya mpaka anapeza kuti wina analumikiza waya wa pampu mopotokola ndi manja n'kukulunga tepi, malo olumikizawo akugona mmadzi a pansi pa boti, ndiye magetsi a batire amadontha kulowa mchitsulo usana ndi usiku. Anati dzimbiri la magetsi otayika ndi loipa kuposa lina lonse, limaboola chitsulo miyezi yochepa chabe. Ndinakumbukira kuti pampuyo tinaika chaka chomwe madzi anayamba kulowa kwambiri.

Chachitatu chomwe anapeza ndi feteleza. Matumba akang'ambika timibulu timagwera pansi pa matabwa, timasungunuka ndi madzi a mvula, ndiye mkati mwa boti mumakhala madzi oipa kuposa a panja. Boti langa limadyeka mbali ziwiri, kunja ndi mkati, ndipo anodi sithandiza mkati mouma ndi kunyowa mosinthana, mmenemo ndi penti ndi ukhondo basi.

Mtengo atanena ndinatuluka thukuta, sindibisa. Unali woposa kanayi zomwe ndimawononga pa red oxide chaka chilichonse, ndipo theka lake sinali ya manja awo, inali ya katundu. Anodi za magineziyamu mu Mzuzu munalibe, penti wa epoxy wa mabotinso anali wosowa, zonse zinachokera ku Johannesburg pa basi, ndipo mukudziwa mmene zinthu zochokera kunja zakwerera chichokereni pomwe kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Chomwe ndinakonda ndi choti anandiuza kuti ngati ndili ndi wanga wodalirika ku Joni ndiitanitse ndekha, anandilembera pa pepala mtundu wake, kulemera kwake ndi nambala, sanafune kudyapo pa katundu. Ndinachita chomwecho kudzera mwa mlamu wanga.

Ntchito inachitika mu October, mwera utatha mvula isanayambe. Kukoka boti kunali kovuta chifukwa nyanja inakwera kwambiri mu 2024 ndipo malo amene amalume ankakokera kale anali akadali mmadzi, tinakapeza pena, ndi mitengo ya bulugamu pansi, tcheni buloko ndi amuna ambiri akukoka moyimba. Litatuluka madala anayenda mozungulira ndi kahamala akugogoda, pomveka ngo ngo amadutsa, pomveka phwa phwa amalemba ndi choko. Malo asanu anadula. Chitsulo chomwe poyamba chinali mamilimita 5, chidutswa china chomwe anandipatsa mmanja ndinachipinda ndi zala. Ndachisunga kunyumba mpaka pano. Anaika zigamba zatsopano, osati kungophimba pamwamba pa chowola ngati mmene ena amachitira, anati ukaphimba pakati pa ziwirizo pamakhala madzi ndipo dzimbiri limapitiriza usakuliona.

Pomwe ndinaona kusiyana kwenikweni ndi popala. Ife timapala ndi burashi mpaka kuoneka kofiirira n'kumati kwayera. Iwo anabwera ndi kompuresa yobwereka n'kuwaza mchenga mwamphamvu mpaka chitsulo chinatuwa ngati phulusa, chokhakhala mukachigwira, ndipo lamulo lawo linali loti pomwe apala lero papakidwe lero lomwe dzuwa lisanalowe, chifukwa chitsulo chamaliseche chikagona usiku umodzi pafupi ndi nyanja mmawa chimadzuka chitachita kale kadzimbiri kachikasu. Nde amapala kagawo, kupukuta fumbi, kupaka, mawa kagawo kena. Epoxy ndi wa zitini ziwiri, mukasakaniza muli ndi nthawi yochepa asanalimbe, ndi kutentha kwa Nkhata Bay mu October amalimba msanga zedi, nde amasakaniza pang'onopang'ono mu chitini chodula. Mmawa sankayamba mpaka mame atauma. Tsiku lina mnyamata wina anagwira ndi dzanja la mafuta pomwe apala kale, madala anamubweza kuti atsukenso ndi thina, anati mwana wanga penti sagwira pa thukuta lako.

Anodi anaika zisanu ndi chimodzi, ziwiri pafupi ndi pulopela, imodzi pa chiwongolero, zina motsatira thupi, anawotcherera timalamba take tachitsulo pa boti penipeni kuti zikhudzane bwino, ndipo popaka penti womaliza anazikulunga ndi mapepala kuti pasadonthere kanthu. Ndinawafunsa kuti bwanji osaika khumi kuti litetezeke kwambiri, anakana, anati magineziyamu akachuluka amatukula penti kuchita matuza, ndiye wawononga ndalama kawiri. Botilo litabwerera mmadzi anadikira tsiku n'kuyezanso ndi kamita kaja, kutsogolo, pakati, kumbuyo, ponse panadutsa -0.8.

Madzulo tikudya kondowole ndi nsomba ya batala pa gombe ndi pomwe madalawa amamasuka kuyankhula, ndipo ndinaphunzira zomwe sindinkaziganizira. Anati zomwe tikuchita pa kaboti kako ndi zomwezo amachita pa zinsanja zikuluzikulu zokumbira mafuta pakati pa nyanja, za ku North Sea ndi Gulf of Mexico. Zinsanjazo amazimanga kuti zikhale zaka 20 kapena 25, miyendo yake yodzaza ndi anodi za aluminiyamu, chimodzi cholemera kuposa munthu. Zaka zikatha mafuta akadalipo, anodi zadyeka, ndipo nsanja simungaikokere pa gombe ndi mitengo ya bulugamu ngati ife. Nde amaika zatsopano ili mmadzi momwemo. Kuwotcherera pansi pa madzi ndi kodula komanso koopsa, choncho amapanga zomangira zonga zibangiri zomwe osambira pansi kapena maroboti oyendetsedwa ndi waya amakamanga pa mwendo wa nsanja, kapena amadzaza anodi pa chimango chachitsulo n'kuchitsitsa pansi pa nyanja pambali, n'kulumikiza ndi chingwe cha magetsi ku nsanja. Pena amasiya za anodi zodyeka n'kuika makina okankha magetsi dala kuchokera pamwamba. Anandionetsa kavidiyo pa foni yawo, loboti likumanga chibangiri mumdima nsomba zikudutsa. Anatinso malo oipitsitsa pa nsanja si pansi pa madzi ayi, ndi pomwe mafunde amamenya, ponyowa n'kuuma, chifukwa pamenepo mpweya ndi wambiri ndipo anodi safikapo, pamafunika penti wokhuthala basi. Atanena chomwecho ndinayang'ana boti langa, mzere wa madzi ndi pomwe penti amayamba kukungunuka chaka chilichonse.

Nditabwerera ku Mzuzu ndinawerengako ndekha n'kupeza kuti nzeruyi ndi yakale, anaiyamba ndi wasayansi wa ku Britain Humphry Davy mu 1824 pofuna kuteteza mkuwa wa pansi pa sitima zankhondo za ku Britain. Zaka zoposa 200 zapita. Ndipo ife tili ndi Ilala yomwe inamangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, umboni woti chitsulo chimakhalitsa mmadzi athu chikamasamalidwa, koma ife a maboti ang'onoang'ono palibe anatiuzapo za anodi, zinandiwawa ndithu kuganiza kuti amalume anakhala zaka zonse zija akugula red oxide.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo. Choyamba nthawi. Anati masiku khumi, zinatenga masabata atatu ndi masiku awiri. Zina sizinali zawo, magetsi amazima ndipo dizilo wa jenereta anasowa masiku angapo, izo ndikumvetsa. Koma panali masiku anayi omwe anangonyamuka onse kubwerera ku Mzuzu kukamaliza thanki ya munthu wina osandiuza, foni osayankha, boti lili pamtunda theka lopala, ine ndikulipira mlonda, makasitomala athu a ku Usisya akukwera maboti ena. Atabwera ndinawauza maso ndi maso kuti adada izi simunachite bwino, anavomera n'kupepesa, koma ndalama ya masiku amenewo sinabwerere.

Chachiwiri chomwe chinandikhudza kwambiri ndi anyamata owaza mchenga. Fumbi la mchenga umenewu limawononga mapapo, madala eni ake anandiuza chomwecho, koma mnyamata amagwira atamanga tisheti kumphuno basi, maso ofiira. Ndinakagula ndekha mamasiki ku hadiweya, koma sikuti ndi udindo wa kasitomala umenewo. Munthu wodziwa chonchi za chitsulo akuyenera kusamalanso anthu ake.

Chachitatu, mkati mwa boti sanamalize bwino ngati kunja. Pansi pa injini pomwe dzanja silifika anangopaka mothamanga, ndipo patatha miyezi isanu ndi itatu ndinaona madontho ofiira akutuluka pa nthiti ziwiri. Ndinawaimbira, anatumiza mnyamata anakonza osalipiritsa manja, koma thiransipoti inali yanga. Komanso risiti yawo ndi kapepala kolemba pamanja ndalama yokha, nambala zomwe anayeza sanandilembere, ndinachita kuzilemba ndekha mu kope. Mukapita muwauze poyambirira kuti alembe zonse, ntchito, masiku ndi zoyeza.

Ndiye funso loti ndingabwererenso, yankho ndi eya, ndipo ndatumizako kale anthu awiri. Papita chaka tsopano. Kukapa tabwerera kamodzi mmawa, ndipo ambiri mwa madziwo ndi a mvula ndi mafunde. Mawaya a pampu anawakweza mmwamba n'kuikapo swichi yodula batire usiku. Pansi tinayala lona ponyamula feteleza ndipo timatsuka ulendo uliwonse. Mwezi watha mnyamata wathu anamira ndi magalasi kukaona, anajambula ndi foni ya mu pulasitiki, anodi za kumbuyo zachita zibowozibowo ngati chisa cha chiswe, zatha mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, penti pansi ali gwa. Ndinatumizira madala chithunzicho pa WhatsApp, anayankha kuti zikudya bwino, zikafika theka usinthe usadikire zithe.

Amene zingakuthandizeni ndi inu a maboti achitsulo, a malo ogona alendo amene muli ndi timilatho tachitsulo mmadzi, ndi amene muli ndi mathanki achitsulo akuluakulu. Ngati boti lanu ndi lamatabwa kapena la faiba simukufunika ntchito yonseyi, koma pa injini yanu ya Yamaha ija pali kachitsulo kotuwa pamwamba pa pulopela, kameneko ndi anodi, ndaona injini zambiri pa gombe atakapaka penti kapena katatheratu osasintha. Kapaleni ndi sandipepa kayere, ndipo pogula kena funsani ngati ndi ka madzi opanda mchere. Oitanitsa katundu kunja yambani miyezi iwiri isanafike nthawi yomwe mukufuna kukoka boti, ine anodi zinafika mochedwa sabata imodzi ndipo zikanachedwanso pang'ono mvula ikanatipeza boti lili pamtunda.